ULENDO WA KU MHANGURA KUKALANDIRA MBEU ZA AGOGO

Inu owerenga, makamaka abale anga amene muli pa nchito kutali ndi kwanu, ndiloleni ndikusimbireni za ulendo umene ndinayenda mwezi wa June 2025, ndi za katundu amene ndinabwera naye. Ine ndine kalaliki pa mgodi wina wa platinum kufupi ndi Selous, m'dziko la Zimbabwe. Nchito yanga ndiyo kulemba maina ndi manambala a anthu otsikira pansi ndi otuluka, ndi kuwerengera masiku ao. Sukulu ndinaphunzira ya mishoni ndipo sindinapite nayo patali, kotero mundikhululukire ngati mau anga sayenda m'mizere yoongoka.

Tsiku lina azakhali anandiimbira lamya nati, "Agogo ako maso ayamba kuchita mdima. Akuti ubwere udzatenge katundu wako akali ndi mphamvu zolankhula." Ine mtima unathamangira ku wochi ya malemu agogo amuna, kapena ku ndalama zomanga pa nsalu. Ndinapempha masiku 5 kwa akulu a nchito, ndipo anandilola.

PA NJIRA

Ndinakwera basi m'mamawa kukuzizira kwambiri, tinapyola Norton, ndipo dzuwa lisanakwere tinali titafika ku Mbare m'mzinda wa Harare. Munthu sapita kwa nkhalamba chimanjamanja, tsono ndinalowa m'sitolo ndi kugula shuga, sopo ndi mchere, ndiponso mapaketi a mbeu za repu ndi kabichi, ndi kathumba ka chimanga cha haibridi ka makilogramu 2. Ndinadziona wochenjera ndithu, ndinati agogo aleke kubvutika ndi timbeu tao takale.

Kuchokera ku Harare kufika ku Chinhoyi ndi makilomita monga 115. Njira imapyola m'mapulazi aakulu, ndipo pa nyengo imeneyi thengo lonse ndi udzu wouma, koma apo ndi apo mumaona minda ya tirigu yobiriwira chifukwa cha madzi othirira ndi makina. Mukapitirira Chinhoyi ndi mapanga ache aja otchuka, mufika pa Lions Den. Apa pali nkhokwe za simenti zazitali kopambana mtengo uli wonse, zosungiramo chimanga cha dziko. Ndinaziyang'ana pa zenera ndi kunena mumtima kuti dziko lokhala ndi nkhokwe zotere silingasowe mbeu. Pomwepo basi imasiya mseu wa ku Chirundu ndi kukhotera kumpoto, ndipo dzuwa litapendeka tinalowa m'Mhangura, makilomita pafupifupi 190 kuchokera ku Harare.

MUDZI WA MKUWA

Dzina lakuti Mhangura m'Chishona ndiko kunena mkuwa, ndipo kale Azungu ankalemba kuti Mangula. Mgodi wa mkuwa unayamba nchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo unaitana amuna ambiri a ku Nyasaland, a ku Northern Rhodesia ndi a ku Mozambique. Unatsekedwa chaka cha 2000, chaka chomwe ine ndinabadwa, ndipo atate anatichotsa ndiri wakhanda kukafuna nchito kwina. Nyumba za komboni zikali m'mizere yao, koma kulibenso belo loitana anthu ku nchito. Anyamata ambiri anachoka. Nkhalamba ndizo zinatsala, pakuti zikanapita kuti? Ambiri a iwo ndi machona. Ku mudzi anachokako kalekale, amene ankawadziwa anatha, ndipo manda a amuna ao ali pompano.

Nditachita odi pa khomo ndinamva mau m'kati, "Wafika mwamuna wanga! Sendera kuno ndikugwire nkhope, pakuti maso awa tsopano ndi okongoletsa chabe." Ndinagwada ndi kupereka moni, ndipo nditatula mphatso zanga anazisisita imodzi imodzi. Atafika pa kathumba ka chimanga anakagwedeza pafupi ndi khutu nati, "Zikomo mdzukulu wanga, ichi azakhali ako adzabzala ku munda waukulu. Koma awa ndi alendo. Mawa ndidzakuonetsa eni mudzi."

Usiku umenewo, tikudya nsima ya ufa woyera ndi mfutso wa nkhwani wotendera, anandiuza mbiri imene ndinali nditaimva theka lokha. Agogo amuna anachoka ku Ntcheu chaka cha 1957, nthawi ya Chitaganya, ndipo atapeza nyumba anaitanitsa mkazi wao chaka cha 1961. Agogo anali mtsikana wa mwana mmodzi ku msana. Anaoloka Zambezi pa Tete ndi pantoni, pakuti mlatho unali usanamangidwe, nadzera ku Mtoko ndi ku Salisbury. Tsiku lonyamuka amai ao anawamangira kamtolo m'nsalu yakuda: ngala zingapo za chimanga, nthanga za maungu, nyemba, khobwe ndi nzama, ndi kansupa ka njere za luni, bonongwe ndi mpiru. Anawauza kuti, "Kumene ukupitako ukadya ndiwo za eni, koma tsiku lodwala mtima udzafuna za kwanu." Agogo sanabwererenso ku Ntcheu. Koma zimene zinali m'nsalu muja akhala akubzala, kukolola ndi kusunga zaka 64.

KAMUNDA KA KUSERI

M'mawa anagwira mkono wanga ndi kunditsogolera kuseri kwa nyumba. Kamundako nkotchinga ndi mapesi ndi waya wakale, ndipo nditakayesa ndinapeza mapazi 30 m'litali ndi 18 m'mimba mwache. Popeza inali nyengo yozizira, chimanga chinali chitakololedwa. Zobiriwira zinali mpiru, tomato wamng'ono uja timati pwetekere, tsabola wa kambuzi, kholowa, ndi nandolo m'mbali mwa mpanda. Zonsezi amathirira ndi madzi a pa chitsime ndi otsukira mbale.

Agogo ankaloza ndi ndodo monga munthu woona bwino, ndi kundiuza m'mene kamundako kamakhalira m'dzinja. Chimanga chimaima m'mizere, nyemba zimayanga pa mapesi ache, maungu ndi zipwete zimayala pansi ndi kuphimba nthaka kuti isaume msanga, ndipo khobwe ndi nzama zimakhala m'mphepete. Luni, bonongwe, denje ndi chisoso zimamera pakati pa mizere ndi pa dzala, ndipo mwana ali yense wopalira amauzidwa kuti khasu lizilambalala zimenezi. Mlendo angaone ngati thengo, koma m'nyumba muno ndiwo za masamba sagula.

Anansi ao Achishona amalima zambiri zofanana ndi zimenezi, koma maina ndiwo amasiyana. Nkhwani amati muboora, luni amati nyevhe, mpiru amati tsunga, nzama amati nyimo, zipwete amati magaka, ndipo mfutso amati mufushwa. Chosokoneza nchakuti khobwe iwo amati nyemba. Agogo akuti chaka chao choyamba anapempha nyemba kwa mnansi, ndipo atalandira khobwe anayesa kuti akuwachita chipongwe.

Ine pofuna kuonetsa sukulu yanga ndinawauza zimene aphunzitsi anatiuza ku mishoni, kuti khobwe, nzama, luni ndi mapira ndizo za muno m'Africa, koma chimanga, nyemba, maungu, tomato ndi tsabola zinachokera ku America ndipo zinafika kuno pa zombo zaka mazana apitawo. Agogo anaseka mpaka kutsokomola nati, "Ndiye kuti chimanga nachonso ndi mchona ngati ine."

MALAMULO A MBEU

Pambali pa nyumba pali kakhichini ka dothi kofolera ndi udzu. Agogo anakamangitsa kalekale, ndipo anati anamangira mbeu, pakuti m'nyumba ya komboni mulibe utsi wokwanira. Titalowa ndinaona ngala za chimanga zomangidwa ziwiri ziwiri ndi makoko ao, zolendewera ku tsindwi pamwamba pa moto, zakuda ndi mwaye. Utsi umaumitsa chimanga ndi kuingitsa anankafumbwe. Pansi panali mitsuko yomata ndi dothi pakamwa, ndi mabotolo a mitundu mitundu. Tinakhala pa mphasa, ndipo anayamba kundipatsa malamulo ao.

Loyamba, mbeu imasankhidwa m'munda, mphika usanasankhe. Phesi lolimba lobala ngala yaikulu yotsekeka bwino kunsonga, therere loyamba kubala, mpiru wa masamba aakulu wochedwa kuchita maluwa, zonsezi amazimanga kansanza, ndipo palibe wothyola ngakhale ndiwo zitasowa. "Anthu amadya zabwino ndi kusunga zotsala," anatero, "ndipo chaka chamawa amadabwa kuti mbeu yafooka."

Lachiwiri ndi la chimanga. Fumbi la ngaiyaye limauluka ndi mphepo ndi kugwera pa ndevu za chimanga cha mnansi, kotero chimanga cha makolo chikayandikana ndi haibridi zimasakanizika. Agogo amabzala msanga, ndi mvula yoyamba, kuti chao chimasule anzao asanayambe, ndipo ngala za mbeu amazitenga pakati pa munda. Potong'ola amasiya njere za kunsonga ndi za kutsinde, natenga za pakati. Anandigwiritsa njere ziwiri nati, "Yendetsa chala." Ina inali yosalala, yobulungira ndi yolimba ngati mwala, inzache inali ndi kadzenje pamutu. "Ya kadzenje ndi mwana wa alendo, ipite ku mtondo." Apa ndinazindikira kuti chala chao chimaona zimene maso anga saona. Anandichenjezanso kuti ndisatenge mbeu pa ngala imodzi kapena ziwiri zokha, koma pa zambiri, pakuti chimanga chokwatirana pachibale chimabala ana ofooka.

Lachitatu, mbeu iume bwino isanatsekeredwe. Nyemba, khobwe ndi nzama amaziyesa ndi dzino: ikaphwanyika ndi kulira yauma, koma dzino likalowa iyanikidwenso. Zikauma amazisakaniza ndi phulusa losefa, pakuti phulusa limatseka mipata ndi kubvutitsa tizirombo, ndipo amazitsekera m'mtsuko kapena m'botolo ndi kuika pozizira, posafika chinyezi. Maungu amayamba kulawa. Dzungu lotsekemera ndi louma ngati mbatata, nthanga zache zimatsukidwa ndi kuyanikidwa pa lichero pa mthunzi. La madzimadzi, nthanga zache ana akazinge. Kusankha kumeneku nkwa chaka ndi chaka, chifukwa njuchi zimayenda m'maluwa a minda yonse osafunsa mwini. Pwetekere wakupsa amamfinyira m'kapu ndi kumsiya masiku 2 kapena 3 mpaka achite thobvu, kenaka amatsuka njere ndi kuziyanika pa nsalu. Luni amathyola zikhokhombe zitachita chikasu zisanaphulike, ndipo anati njere zache zikangokololedwa zimamera mwaulesi, zimafuna kugona miyezi ingapo.

Lachinai, usabzale mbeu yonse. Theka lipite m'nthaka, theka litsale mpaka zatsopano zitalowa m'nyumba. Lachisanu anati andiuza ndi nkhani, ndipo nkhaniyo ndi iyi.

CHILALA CHA 2024

Nonse mukumbukira dzinja la 2023 mpaka 2024. Mvula inachedwa, ndipo mwezi wa February, pamene chimanga chimafuna madzi kopambana, kumwamba kunayera mbee. Maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe onse analengeza kuti m'maiko mwao mwagwa tsoka; kuno analengeza mwezi wa April. M'kamunda ka agogo khobwe ndi nzama zinapirira ndi kubala pang'ono, luni ndi bonongwe sizinasowe, koma chimanga chinauma chiri chiimire, cha makolo ndi cha haibridi chomwe.

Agogo sanade nkhawa, pakuti anadziwa kuti theka la mbeu liri m'mtsuko, monga linawapulumutsira pa chilala cha 1992. Koma atamatula mtsukowo ndi kupisa dzanja anagwira ufa wokhawokha. Dothi la pakamwa linali litang'aluka, maso ao sanaone mng'aluwo, ndipo anankafumbwe anali atamaliza nchito. Azakhali akuti agogo anakhala masiku awiri osalawa nsima, ndi kumangonena kuti, "Ndataya amai anga kachiwiri."

Mbiri ya tsokali inayenda mpaka ku mapulazi a ku Doma. Kumeneko kuli amai ena Achishona amene kale anali anansi a agogo pa komboni, ndipo posamuka agogo anawapatsa ngala zingapo monga mphatso yotsazikira. Amaiwo anakhala akubzala chimangacho chaka ndi chaka m'dimba la m'mbali mwa dambo, chifukwa ana ao amachikonda chootcha, ndipo chinyezi cha m'dambo chinachipulumutsa. Tsiku lina anatulukira ndi ngala 12 m'dengu nati, "Ambuya, ndabweza ana anu." Agogo anazitong'ola okha ndi kusankha njere ndi chala usiku wonse. Zimene ndinaona ku tsindwi zija ndi zidzukulu za ngala zimenezo.

"Tsono lamulo lachisanu ndi ili," anatero. "Kupatsa nkuika. Mtsuko unandinamiza, koma mnansi sanandinamize."

ZA MAKOLO NDI ZA M'SITOLO

Ndisakunamizeni abale, mbeu ya m'sitolo siyoipa. Dziko lino liri ndi mbiri pa chimanga cha haibridi, pakuti SR52, imene inatulutsidwa ku Salisbury chaka cha 1960, inatchuka m'maiko ambiri chifukwa cha kubereka kwache. Mvula ndi feteleza zikakwanira, haibridi imadzaza matumba ambiri kopambana cha makolo, ndipo ndiyo imadyetsa banja la azakhali. Koma mukabzala ana ache, zokolola zimatsika ndipo mapesi samafanana, kotero chaka chiri chonse muyenera kubwerera ku sitolo ndi ndalama. Cha makolo chimabereka pang'ono, koma njere zache nzolimba, pokonola siziphwanyika ndi kuthera ku gaga, anankafumbwe amachedwa kuzibooleza, ndipo mwana wache amafanana ndi make. Ndiponso pali kusiyana kwina. Mbeu ya m'sitolo ikatha mumakagula ina. Mbeu ya agogo ikatha palibe sitolo imene mungaipeze.

KATUNDU WANGA

Tsiku lachitatu anandiuza kuti nditenge cholembera. "Iwe umalemba maina a anthu olowa pansi ndi kuwerenga ngati onse atuluka. Lero ulembe maina a awa, pakuti nawonso amalowa pansi chaka ndi chaka." Azakhali ankabweretsa mabotolo, agogo ankapisa chala ndi kutchula dzina, ndipo ine ndinkalemba m'kope: dzina, mwezi wobzala, mtundu wa nthaka imene imakonda, chaka chokolola, ndi kaphikidwe kache. Tinapeza mitundu 17. Panali nyemba za mawanga zoyanga, nyemba zoyera, khobwe wofiira ndi woyera, nzama zakuda, maungu a mitundu itatu, mphonda, misale, ndi zina. Mtundu uli wonse anaugawa patatu: gawo la azakhali, gawo la ku Doma, ndi gawo langa. Uyu ndiye katundu amene anandiitanira. Wochi ya agogo amuna inagulitsidwa kalekale.

Ndinawauza kuti masiku ano maboma ali ndi nyumba zosungira mbeu za makolo m'malo ozizira, monga ku Chitedze kufupi ndi Lilongwe ndi ku Chalimbana kufupi ndi Lusaka, ndiponso kuti ku Svalbard, ku dziko la chisanu la Norway, anatsegula chaka cha 2008 phanga lokumbidwa m'phiri losungiramo mbeu za maiko onse. Anamvetsera bwino nati, "Achita bwino. Koma kodi m'phangamo muli munthu wodziwa kuti luni amayamba waliwiritsa ndi kutaya madzi owawa asanathire nsinjiro? Mbeu imene anthu aleka kudya, palibe amene adzapite kukaitenga." Sindinawayankhe.

Ndinafunsanso ngati ku Ntcheu mbeu zimenezi zikalipo. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Udzapite ukaone. Ukapeza zinatha, ukawauze kuti mwana wao anasunga."

Tsiku lobwerera anandiperekeza mpaka pa mpanda atagwira ndodo. Mabotolo ndinawakulunga m'malaya ndi kuwaika m'chikwama, ndipo m'basi ndinakana kuti chikwamacho chikwere pa denga. Podutsanso pa Lions Den ndinaziyang'ana nkhokwe zija, ndi kukumbukira kuti chimanga chimene chinali pa miyendo yanga mulibe m'menemo.

MAU KWA ANZANGA

Nditafika pa mgodi ndinatipula kadera kuseri kwa nyumba imene ndimakhala, ndi kuthiramo manyowa a mbuzi. Mpiru ndinafesa sabata yomweyo, ndipo tadya kale, koma mitengo 6 ndaimanga nsanza. Chimanga ndinachiyesa monga anandiphunzitsira: njere 10 m'kansalu konyowa, ndipo patapita sabata 9 zinali zitamera. Anzanga awiri a pa nchito, amene makolo ao anachokera ku Dedza ndi ku Katete, ndawapatsa pang'ono pa mtundu uli wonse ndi kulemba maina ao m'kope, kuti tsiku limene mtsuko wanga udzandinamize ndidzadziwe khomo logogoda. Mantha ndiri nao, pakuti manja anga anazolowera cholembera, ndipo anansi anga onse amabzala haibridi. Koma agogo anayamba ndi kamtolo ka m'nsalu pa dziko lachilendo, ali wamng'ono kopambana ine.

Tsono inu abale, mukapita ku tchuthi musangotula shuga ndi kubwerera. Lowani m'khichini mwa amai kapena agogo, yang'anani ku tsindwi, ndipo funsani dzina la chiri chonse cholendewera. Lembani zimene akuuzeni akali moyo. Ngati muli ndi kadera, ngakhale ka mapazi 5, bzalani, ndipo mugawireko mnzanu. Amene muoloka malire a dziko kumbukirani kuti mbeu siziloledwa kuoloka popanda kalata ya a zamalimidwe, chifukwa cha matenda ndi tizirombo. Yambani mwafunsa ku ofesi yao kuti katundu wanu asalandidwe pa chipata.

Ngati alipo wa ku Ntcheu amene awerenga mau awa ndipo kwao akali kubzala chimanga cholimba choyera cha njere zofiirira apo ndi apo, alembe kalata kudzera kwa Mkonzi, pakuti pali nkhalamba ku Mhangura imene ingakondwe kumva. Moni kwa nonse a pansi ndi a pamwamba. Ndatha ine wanu, kalaliki wa ku Selous.